Amalume Obwereka

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Masabata onsewa ndakhala ndikubisala pa benchi lakumbuyo uko, kumvetsera maumboni anu, n'kumapemphera kuti tsiku langa lisafike. Lero lafika. Dzina langa ndine Ganizani, ndimawotcherera zitsulo ku Kawale konkuno: mageti, mafelemu a mawindo, mbaula. Kwathu ndi ku Phalombe. Mowa ndinasiya, koma sindinaime pano kuti ndikuphunzitseni kuipa kwa mowa, aliyense muno akuudziwa kuposa abusa. Ndaima kuti ndikuuzeni za chaka chimene ndinakakhala ku Beira, m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndi mmene ndinabwerera n'kupeza mwana wanga akuitana munthu wina kuti adadi.

Nkhani yake inayambira pa chinkhoswe. Nditapeza Esnart, mtsikana wa ku Kaliyeka, kwawo anati, “Tikufuna tione amalume ako.” Amalume ndili nawo, a Yohane, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Ndi munthu wolima nandolo. Jekete ali nalo limodzi, lomwelo la kumaliro, lomwelo la kutchalitchi. Akamayankhula Chichewa, Chilomwe chimatulukira m'mbali, ndipo pakati pa nkhani amaima kaye n'kufwenkha fodya wamphuno. Pomwe amalume ake a Esnart, a Phiri, ndi munthu amene anagwirapo ntchito mu ofesi, wovala magalasi. Ndinkauza anzanga kuti ku Phalombe n'kutali, thiransipoti yavuta. Linali bodza. Ndinachita nawo manyazi amalume anga, basi.

Ndiye ndinachita zimene ambiri timachita m'tauni muno, tisanamizane. Ndinabwereka. Pamsewu waukulu pali hadiweya imene ndinkagulako marodi owotcherera ndi zitsulo, mwini wake a Kambalame, munthu wa kummwera ngati ine, wamimba yake, wasuti yake, wagalimoto yake. Nditawafotokozera anaseka n'kundigwira paphewa.

“Mphwanga, zimenezo ndiye zazing'ono. Ndaimirapo anyamata ambirimbiri ine. Ungondiuza dzina la mudzi ndi la agogo ako, zinazo undisiyire.”

Ndipo anagwiradi ntchito, ndisawanamizire. Tsikulo anayankhula miyambi mpaka amayi kululutira. Anapereka tambala, akuchikazi anapereka msoti, kenako iwo ndi a Phiri anang'ambirana nkhuku yootcha n'kudya pamaso pa anthu onse. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Amene wadya nkhuku ija ndiye nkhoswe, pakamwa pake ndiye pakamwa pako, chimene wanena iye wanena ndiwe. Ine ndinkangoona suti. Ngakhale Esnart amene ndinamuuza kuti a Kambalame ndi amalume anga enieni.

Tinakhala bwino, anabadwa mwana wamkazi, Tadala. Kenako ntchito inayamba kuvuta. Magetsi akazima, wowotcherera amangokhala pa geti la eni n'kumaliyang'ana. Mnzanga wina dalaivala wa thiraki, a Saidi a ku Mangochi, anandiuza kuti ku Beira, pa yadi pamene amaimika mathiraki, akufuna munthu wokonza matirela. Sindinaganize kawiri. Potsazika, a Kambalame anati, “Pita mphwanga, banja lako lili m'manja mwa amalume ako.” Foni ya Esnart inali kaja kakang'ono, ndipo kuimba kuchokera kunja kumadya mayunitsi ngati moto, ndiye tinagwirizana kuti Lamlungu lililonse ndiziimba pa watsapu ya a Kambalame, iwo azimuitana. Katundu naye chimodzimodzi. Thiraki singalowe m'tinjira ta ku Kaliyeka, choncho a Saidi azitsitsira pa hadiweya. Mawu anga ndi katundu wanga, zonse ndinaziika m'manja mwa munthu mmodzi.

Beira, abale anga, ndi kwina. Kumatentha kutentha kwa chinyezi, malaya amakukakamira pathupi ukangotuluka m'bafa. Chitsulo ukachiwotcherera lero n'kusachipaka penti, mawa chachita dzimbiri chifukwa cha mphepo yamchere. Nyanja yake imachoka n'kusiya matope, anthu n'kumayendapo, kenako imabwereranso. Tsiku loyamba ndinathawa, ndimayesa kukubwera chigumula, anzanga anandiseka mpaka kugwa. Chipwitikizi chinandikanika, koma ambiri kumeneko amayankhula Chisena, ndiye tinkamvana. Miyezi yoyambayo ndinali munthu. Mowa sindinkaudziwa kupyola botolo limodzi la pa Khirisimasi. A Saidi akamabwerera kuno ndinkawasenzetsa mpunga, mafuta ophikira, kokonati, zitenje. Tsiku lina pamsika ndinaona kadiresi kachikasu ka maluwa oyera m'khosi. Ndinakayerekeza ndi dzanja, ndinati Tadala panopa afika apa, ndinagula.

Kenako ma Lamlungu anayamba kusintha. Ndikaimba, a Kambalame amati, “Watuluka.” Sabata inayo, “Ndamutumira uthenga, wakana kubwera.” Inayo, akutsitsa mawu, “Mphwanga, sindifuna kukusokoneza pantchito, koma mkazi wako wayamba kuchedwa kumsika. Usamufunse, ungaononge. Nkhani zotere ndi za ife ankhoswe.” Ine kumathokoza, kumati zikomo amalume. Sindinkadziwa kuti mbali inayo akuuza Esnart kuti mwamuna wako wakwatira mkazi wa ku Beira, sakutumizanso kanthu, koma ine monga nkhoswe sindingakusiyeni ndi njala, landirani kampunga aka. Mpunga wanga womwewo.

Kamodzi kokha ndinapsa mtima n'kumuimbira Esnart pa kafoni kake kaja. Atangoyankha anati, “Lero mwatikumbuka? Akazi anu a ku Beira akulolezani?” M'malo mofunsa kuti akazi ake ati, ine ndinabweza kuti, “Nanga iwe amuna ako a kumsikawo ali bwanji?” Tinatukwanizana. Pomaliza ndinanena mawu amene anandiphera banja: “Ngati pali nkhani, idzere kwa ankhoswe.” Ndinadula foni ndikudzimva kuti ndine mwamuna.

Kuyambira pamenepo kutsetsereka kunali kwachangu. Kuseri kwa yadi kunali mayi wina wogulitsa kachasu wa kumeneko. Ndinayamba ndi kapu imodzi yoti ndigone. Kenako ya m'mawa yoti manja asiye kunjenjemera. Kutumiza katundu ndinasiya, ndinkati ndidyetserenji amuna anzanga. Tsiku lina bwana anandipeza ndikufuna kuyatsa moto pambali pa thanki ya mafuta imene inali isanatsukidwe. Akanachedwa pang'ono, bwenzi yadi yonse itapita kumwamba, ine patsogolo. Anandichotsa pomwepo, ndipo sanalakwe. Ndinagulitsa chipewa changa chowotcherera, ndinagulitsa foni, ndinayamba kugona pansi pa matirela omwe ndinkakonza. Masana ndinkapita kugombe kukathandiza asodzi kukoka makoka kuti andipatse tinsomba ndi kapu. Chaka chimene ndinapitira kukamanga banja chinatha ndili ndi kabudula mmodzi.

Anandipeza ndi a Saidi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Ganizani, ndine ndinakubweretsa kuno, ndine ndikubweze. Koma m'galimoto yanga mowa sulowa.” Ndinanjenjemera njira yonse mpaka pa boda ya Dedza.

Nditafika ku Kaliyeka, m'nyumba mwathu munali anthu ena. Mayi woyandikana nafe atandizindikira anagwira pakamwa. “Bambo a Tadala, kodi muli moyo? Akazi anu ali kwa amalume anu. Anawamangira nyumba kuseri kwa hadiweya.” Ine ndi uchitsiru wanga ndinayamba ndathokoza mumtima, ndinati amalume awasunga. Mayi uja anaona kuti sindinamve. “Bambo, ndikuti ndi akazi awo tsopano.”

Ndinapita. Pakhonde la hadiweya panali kamtsikana kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo, katavala diresi lachikasu la maluwa oyera m'khosi. Linali litayamba kumuchepera. Ndinagwada, ndinati, “Tadala.” Anabwerera m'mbuyo, poti ndinali ndi ndevu ndiponso ndinkanunkha. Ndinangoti, “Diresi lokongola. Anakugulira ndani?”

Analoza m'sitolo. “Adadi.”

A Kambalame anatuluka akupukuta m'manja, osachita ngakhale manyazi. “Mphwanga, takulandira. Tiyankhule ngati akuluakulu. Iwe unawataya anthuwa, ine ndinangotola.” Ndinaponya chibakera, chinaphonya, alonda anandinyamula n'kundiponya m'ngalande, mwana wanga akuona. Abale anga, ndaponyedwapo m'malo ambiri, koma ngalande imene ija mpaka lero imandinunkhira.

Miyezi yotsatirayo ndinaimwera ku Mgona. Sindikumbuka zambiri ndipo zimene ndikukumbuka n'zosayenera m'nyumba muno. Ndinkafotokozera aliyense amene wandigulira kapu mmene anandiperekera, mpaka anthu anandipatsa dzina loti Amalume. Ndikamalowa amati, “Amalume afika, bisani akazi.” Ndinkaseka nawo.

M'mawa wina, nditamwa kale, ndinapita kwa a Phiri, amalume ake a Esnart, kukalalata. Ndinaima pageti n'kumakuwa kuti munagulitsa mkazi wanga. Anatuluka, anavala magalasi awo, anadikira mpaka mpweya unandithera.

“Wamaliza? Ife sitinagulitse munthu. Nkhoswe yako, imene inadya nafe nkhuku, inabwera pano. Inati mwana wathu wakwatira ku Beira, akuti mkazi amasuke. Tinafunsa kuti mwatsimikiza, inati ndi mawu ake. Titamva kuti yamutenganso mkaziyo tinanyansidwa, koma tinati zimenezo ndi zonyansa za kubanja kwanu, mwini wake Esnart wavomera. Tsopano iwe ukufuna chiyani?”

Ndinati, “Mwana wanga.”

“Nkhani ya mwana sitikamba pageti ndi munthu woledzera. Bwera ndi amalume ako.”

Anatseka geti. Ndinaima pamenepo, mowa wonse unandithera m'mutu. Amalume amene a Phiri ankawadziwa anali omwe anandilanda banja. Akulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, koma langa silinangothyoka, linanditema. Panatsala khomo limodzi lokha, lomwe ndinalilambalala dala.

Amalume a Yohane ndinakawapeza ku Phalombe m'munda, akupalira nandolo. Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja pamsana, anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Ganizani? Wabwera ndi maliro?”

Ndinati ayi. Tinakhala pamzere, ndinawauza zonse, osasiyako. Nditafika pa a Kambalame ndi suti yawo, ndinaulula chifukwa chake. Ndinati, “Amalume, ndinachita nanu manyazi.” Iwo anatulutsa kabotolo kawo ka fodya, anafwenkha, anayang'ana kuphiri.

“Za chinkhoswe chako ndinamva kwa anthu otsika basi,” anatero. “Ndinali nditasankha kale tambala, wofiira, wamkulu bwino. Jekete azakhali ako anandichapira. Ndinati mwanayu watanganidwa, aitana mawa. Tsiku litadutsa ndinati mwina asintha tsiku. Azakhali ako ankati timudye tambalayu, ine ndinkakana, ndinkati ndi wa Ganizani. Anakalamba mpaka kusiya kulira. Anafa yekha m'khola.”

Sanakalipe, abale anga. Akanandimenya ndi mpini bwenzi zili bwino. Ine amene sindinalire pansi pa matirela, amene sindinalire m'ngalande, ndinalira m'munda wa nandolo ngati mwana wotayika pamsika. Ndinkayenda dziko lonse kudandaula kuti munthu anandipereka, osadziwa kuti kumudzi kuli nkhalamba imene ine ndinayamba kuipereka, ndipo iyo sinauzeko munthu.

Atandisiya ndilire, anati, “Ndipita nawe. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, chibale ndi fupa. Koma pali ziwiri. Choyamba, pakamwa panga sipangayankhulire munthu amene pakamwa pake pakununkha kachasu. Ukhala kuno mpaka tikolole nandoloyu. Chachiwiri, kumeneko tikanena zoona zonse, kuyambira bodza lako.”

Ndinati, “Amalume, tikaulula kuti a Kambalame si m'bale wathu, akanena kuti ukwatiwo panalibe n'kale lomwe.”

“Ndiye ukufuna ndikakhale pamenepo ngati mng'ono wake wa wakubayo? Ine ayi.”

Inu amene manja akunjenjemerabe, mvetserani apa, chifukwa panalibe chozizwitsa. Masabata oyamba ndinkatuluka thukuta, kusanza, kuona zinthu zoti palibe. Amalume ankandidzutsa kukacha n'kundipatsa khasu. Azakhali ankandikakamiza kudya ngakhale ndisakufuna, ankati m'mimba mopanda kanthu ndi momwe mowa umaitanira. Njira yachidule yopita kumunda inkadutsa pakhomo pa mayi wotcheza kachasu, ndiye tinkazungulira njira yaitali, tsiku lililonse, nkhalamba ikuzungulira nane ndi msana wake wowawawo. Ndipo anandilamula kuti chilakolako chikandigwira ndizinena mokweza. Ndinkati, “Amalume, chabwera.” Iwo amati, “Chabwino, tiye tikatunge madzi.” Basi. Kugwira ntchito, kudya, kusintha njira, ndi kukhala ndi munthu woti umuuze kuti chabwera. Ndinagwa kamodzi, pa maliro ena. Sananditaye, anangoti tiyambirenso.

Nandolo atalowa m'matumba, tinakwera basi. Amalume anavala jekete lomwe lija, nsapato zawo zomwe zija, tambala wina m'khwapa. Pa depoti anyamata ena anayamba kuwaseka kuti madala abwera ndi alamu. Kale ndikanatsalira m'mbuyo ngati sindikuwadziwa. Tsiku limenelo ndinawanyamulira chikwama.

Tinakhala pakhonde la a Phiri masana. Esnart anabwera ali ndi khanda kumsana, la a Kambalame. Eni ake anaitanidwa, koma anatumiza mawu oti atanganidwa ndi makasitomala. A Saidi anabwera. Amalume anayamba ndi kugwada, nkhalamba yonse ija, n'kunena kuti, “Ine ndine Yohane, mlongo wawo wa mayi ake a mnyamatayu. Amene munadya naye nkhuku uja sitimudziwa, si wa mtundu wathu. Mwana wathu anakunamizani. Tabwera kudzapepesa.”

A Phiri anavula magalasi. “Ndiye kuti munatidyetsa nkhuku ndi munthu wapamsewu? Mwana wathu tinamupereka kwa wogulitsa misomali?” Anayankhula zambiri, zowawa, ndipo zonse zinali zoona. Amalume anangoti, “Tamva, tamva.”

Kenako a Saidi anafotokoza za katundu amene ankatsitsa pa hadiweya: mpunga, mafuta, zitenje, kadiresi kachikasu. Atatchula diresi, Esnart anagwira pakamwa, misozi ikungotsika. Ine mumtima ndinati basi, wamva, abwerera. Koma atapukuta m'maso anayang'ana ine, osati a Saidi.

“Bambo a Tadala, uja anandinamiza, ndamva. Koma woyamba kundinamiza ndinu. Munandiuza kuti ndi amalume anu, ine ndinkawagwadira, chimene anena ndinkati anena ndi akuluakulu. Ndiye chaka chonse munalephera kundifunsa ine mwini wake funso limodzi? Munandikwatira ine kapena ankhoswe?”

A Phiri anati za ukwati ndi madzi otayika, saoleka. Amalume anavomera. “Ukwati sitinaubwerere, tinauononga tokha. Mwananso ndi wanu, sitikulanda. Tikungopempha kuti adziwe bambo ake, adziwenso kuti kuchimuna kuli anthu, kuti mawa zikadzamuvuta asadzasowe khomo logogoda.” Anatenga tambala uja n'kumuika patsogolo pa a Phiri. “Uyu anachedwa. Mnzake anafa akudikira.”

A Phiri anamuyang'ana tambala uja. Kenako anaitana akazi awo. “Tengani nkhukuyi muotche.” Itapsa, nkhalamba ziwiri zija zinang'ambirana n'kudya, popanda wolulutira, popanda suti.

Esnart sanabwerere kwa ine. Kwa a Kambalame anachokako, ali kwa mayi ake, akugulitsa tomato. A Kambalame ali pompo pa hadiweya pawo, ndipo ndikumva kuti Loweruka amavalabe suti kukaimira ana a eni. Musandifunse ngati ndinawakhululukira. Abusa akuti zidzabwera, ine ndikuti mwina, koma pakali pano marodi ndimakagula kutali, ndipo ndikadutsa pamsewu umene uja mtima umandiwawa ngati dzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti ukawawa sindipitanso ku Mgona, ndimaimbira a Saidi kapena mmodzi wa inu n'kunena kuti chabwera. Ntchito ndinayambiranso ndi makina obwereka. Makina mutha kubwereka, abale anga. Tadala amabwera kwa ine Loweruka lililonse, ndipo tikatuluka muno ndikukamutenga.

Tsiku la tambala wa amalume lija, atatha kudya, anamuitana Tadala kuti abwere pakhonde. Amayi ake anamuuza kuti, “Awa ndiwo adadi ako, ndi amene anakugulira diresi lija.” Anandiyang'ana, osayandikira, osathawanso. Kenako maso ake anapita kwa nkhalamba ya jekete lakutha imene inali kupukuta mafuta a nkhuku m'manja, fodya ali pamphuno. Anandikoka malaya n'kufunsa monong'ona, “Nanga awa ndi ndani?”

Panali a Phiri ndi magalasi awo, panali Esnart, panali anthu osuzumira pampanda. Ndinaimirira kuti onse amve.

Ndinati, “Awa ndi amalume anga.”